Amayi a Mvano anandiliza pa siwa, koma kwaya yathu siyikhudza anthu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Matawale. Walemba motere:

"Aphunzitsi, ndimatsogolera kwaya ya achinyamata pa mpingo wathu. Chaka chatha tinasonkha ndalama n'kugula kiyibodi ndi masipika, ndipo tinakajambula nyimbo ku studiyo. Mawu athu ndi osalala, sitiphonya, koma tikamayimba m'tchalitchi anthu amangoomba m'manja mwaulemu, ena maso ali pa foni. Miyezi inayi yapitayo mayi anga anamwalira kwathu ku Jali. Usiku wa pa siwa amayi a Mvano, ena okalamba mawu atasasa, anayimba popanda chida chilichonse, ndipo thupi langa lonse linachita tsemwe. Kuyambira tsiku limenelo, nyimbo imene anayimbayo ikangoyambika kukhosi kwanga kumatseka, misozi imangotsika, ndimalephera kutsogolera. Kodi n'chiyani chimachititsa nyimbo kulowa mumtima? Kwaya yathu ikulakwitsa pati? Nanga kulira kwangaku ndi matenda?"

Achemwali, choyamba pepani ndi imfa ya mayi. Miyezi inayi ndi dzulodzulo. Ndiyambe ndi funso lomalizalo, chifukwa ndikuona kuti ndi limene likukusowetsani mtendere: ayi, si matenda. Munthu amene wayika mayi ake m'manda posachedwa, akamva nyimbo imene inayimbidwa mtembo uli m'nyumba n'kulira, palibe chimene chasokonekera mwa iye. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa makwaya kuno ku Zomba ndaonapo abambo akuluakulu oyimba besi akutuluka pakati pa nyimbo, kukayima kuseri kwa tchalitchi mpaka vesi yowawayo idutse. Ambiri a iwo lero amayimba nyimbo yomweyo mpaka kumapeto. Zilipo zizindikiro zimene zikaoneka muyenera kukaonana ndi achipatala, ndipo ndifikako.

Zimene thupi lanu linachita usiku uja zimapimika ndithu. Akatswiri a ubongo a pa yunivesite ya McGill ku Montreal, m'dziko la Canada, anapima anthu pamene akumvera nyimbo zimene amazikonda kwambiri, ndipo mu 2011 anafalitsa zimene anapeza. Munthu akamachita tsemwe ndi nyimbo, ubongo wake umatulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe a muubongo okhudzana ndi chisangalalo, omwewo amene amatuluka munthu akamadya chakudya chimene amachilakalaka. Chimene chinandikopa ine pa kafukufuku ameneyu n'chakuti dopamine amayamba kutuluka malo okomawo asanafike, munthu akadali kuwadikira. Ndiye kuti gawo lalikulu la mphamvu ya nyimbo lili m'kudikira. Khutu limadziwa kumene nyimbo ikupita, ndipo woyimba waluso amalichedwetsa pang'ono asanalifikitse.

Amayi a Mvano amazidziwa bwino zimenezi, ngakhale sanganene kuti anaziphunzira kuti. Mmodzi amayambitsa ali chikhalire pa mkeka, msana utatsamira khoma, miyendo atatambasula, mawu ali pansipansi ngati akudziyankhulira yekha. Anzake samulandira nthawi yomweyo. Amamuleka mpaka mpweya utatsala pang'ono kumuthera, kenako onse amagwera pamodzi, ena pamwamba ena pansi, popanda amene wawagawira mawu. Mzere usanathe bwinobwino, woyambitsa uja walowa kale ndi wotsatira, moti nyimbo ilibe pomwe yadukira. Akafika pa mawu olemera amakoka, amachedwa kamphindi, wina pakona amatsitsa mawu ake pamene ena onse akukwera. Kamphindi kochedwako ndi kamene kanakumasulani misozi. Tsopano taganizirani kiyibodi imene yayikidwa pa biti yodziyimba yokha. Siyidikira munthu. Woyimba akafuna kukoka, biti yapita kale, ndipo iye amathamangira kuti ayipeze. Kwaya yotere ikhoza kukhala yosaphonya ngakhale pamodzi, koma womvera alibe chodikira, chifukwa chilichonse chikufika pa nthawi imene amachiyembekezera.

Chachiwiri, pa siwa panalibe oonerera. Aliyense amene anali m'nyumbamo anali m'kati mwa nyimbo, ngakhale amene amangong'ung'udza kukhosi. Nyimbo zathu zambiri zinapangidwa motero kuyambira kale: wina ayambitsa, gulu livomera. N'chimodzimodzi pa mtondo, pa chinamwali, pa manganje, pa tchopa, ngakhale pa sikiri ya abale athu achisilamu. Anthu akamayimba pamodzi amapumanso pamodzi, ndipo ofufuza a ku Gothenburg m'dziko la Sweden anapeza mu 2013 kuti kugunda kwa mitima ya oyimba kwaya kumayamba kukwera ndi kutsika limodzi potsatira kapumidwe kawo. Munthu amene ali m'kati mwa gulu lotere samva nyimbo ndi makutu okha. Koma kwaya ikayima kutsogolo itavala yunifolomu, masipika ali mbali zonse, nyimbo ili yatsopano yosadziwika ndiponso yopanda malo oti mpingo uvomere, anthu amadziwa kuti ntchito yawo ndi kuonerera. Woonerera akatopa amatulutsa foni. Sindikuwaikira kumbuyo, koma sindikudabwa nawo.

Pali chinthu china chimene ophunzitsa makwaya ambiri sachilabadira, ndicho chiyankhulo chenichenicho. Tikamayankhula Chichewa mawu amakwera ndi kutsika, ndipo kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, lomalizalo n'kugwa mopepuka. Tayankhulani chiganizo chilichonse mokweza mudzimvere nokha. Nyimbo za makolo zimatsata njira yomweyo, moti woyimba amamveka ngati akukuuzani nkhani. Nyimbo zambiri za m'buku zinabwera ndi amishoni, monga aja a ku Scotland amene anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo mayimbidwe ake anapangidwira Chingerezi, chimene nthawi zambiri chimatsindika kumapeto kwa mzere. Mawu achichewa atayikidwamo, ena anapindika. Agogo athu sanazitaye nyimbozo. Anazifewetsa pang'onopang'ono, kukoka apa, kufupikitsa apo, mpaka zinayamba kuyenda ngati zathu. N'chifukwa chake nyimbo ya m'buku ikamayimbidwa pa maliro kumudzi imasiyana ndi mmene inalembedwera, ndipo ine sinditcha kumeneko kulakwitsa. Achinyamata athu ambiri masiku ano amayamba ndi biti imene amva pa YouTube, kenako n'kukankhiramo mawu. Khutu la Mmalawi limamva kuti munthuyu sakuyankhula nane, ngakhale mwini khutuyo sangafotokoze chimene chavuta.

Ndiwonjezere kuti kuno ku Zomba tasakanikirana Ayao, Alomwe ndi Anyanja. Vesi imodzi yokha ya m'chiyankhulo chimene munthu anayamwira imatha kumufika pamene mavesi asanu a Chingerezi alephera. Ndaonapo gogo amene amasinza pa benchi akudzidzimuka n'kuyamba kuvomera atangomva mzere wa Chiyao.

Tsopano za mawu osasa aja. Inu mwalemba ngati kuti kusasa kunali chilema chimene nyimbo inapambana nacho. Ine ndikuti kusasako kunali mbali ya zimene zinakukhudzani. M'mawu a munthu timamvamo zaka zake, kutopa kwake, ndiponso ngati akukhulupirira zimene akunena. Mayi amene wayikapo ana ake m'manda akamayimba za kumwamba, mawu ake amanjenjemera pamalo pamene mtsikana wa zaka 18 amangodutsa. Ku studiyo kompyuta imatha kuwongola mawu onse okhota, kuchotsa phokoso la mpweya, n'kusalaza chilichonse. Kuli ngati kukonola chimanga mpaka gaga yense atachoka: ufa umayera bwino, koma zambiri zopatsa thanzi zapita ndi gagayo.

Umboni wa zimenezi tili nawo pakhomo pompano. Mu 2013 katswiri wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, pamodzi ndi mkazi wake Marilena Delli, analoledwa kulowa m'ndende yaikulu ya Zomba n'kujambula nyimbo za akaidi, amuna ndi akazi omwe. Nyimbo zina ndi zazifupi zosakwana mphindi imodzi, zina zilibe chida chilichonse. Chimbale chimenecho chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi. Sichinapambane, koma taganizirani: anthu a kutali amene samva Chichewa ngakhale liwu limodzi anakhudzidwa ndi mawu a anthu amene amayimba za moyo wawo weniweni, za ana amene anawasiya kunja, za kulakwa ndi kupepesa. Pamenepo panalibe zosalaza.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti munthu ayenera kuvutika kaye kuti ayimbe zogwira mtima, kapena kuti kuphonya n'kwabwino. Amayi a Mvano aja ndi akatswiri. Ayimba limodzi pa maliro ndi pa maukwati kwa zaka zambirimbiri, aliyense amadziwa pamene mnzake amapumira. Luso alinalo lochuluka, kungoti silidzionetsera. Sindikunenanso kuti kiyibodi ndi mdani. Chida chachilendo sichinatilepheretsepo. Beni amene amavinidwa m'midzi ya kuno anachokera ku perete wa asilikali a King's African Rifles, omwe chipilala chawo timachidutsa tikamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre. Anthu anaona kuguba ndi mayunifolomu, anazitenga, n'kuziyika pa ng'oma zawo mpaka zinakhala gule wathu. Anyamata akumudzi anaona banjo, n'kukhoma yawo ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya. Kiyibodi nayonso ikhoza kuwetedwa. Chofunika n'chakuti izitsata oyimba.

Zimenezi sizili m'nyimbo mokha. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawayika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera za kumeneko zinajambulidwa ndi amayi achichewa pophunzitsa anamwali. Sanajambule kuti wina adzawayamikire. Panali mtsikana patsogolo pawo amene amayenera kumva kanthu kena asanalowe m'ukulu, ndipo mpaka lero ukayima pansi pa thanthwe loterolo umamva kuti apa panali nkhani. Ku Mua, pa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, osema anayamba kusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zachimalawi, ndipo munthu ukaona Mariya wa nkhope ngati ya azakhali ako, umayima kaye. Yerekezani ndi njovu za mtengo zimene zimandandalikidwa kudikira alendo okwera phiri la Zomba. Sindinyoza amene amazisema, pakuti ana awo amadya kuchokera pamenepo, ndipo ambiri ndi aluso kwabasi. Koma mmisiri yemweyo mukamupempha kuti aseme nkhope ya malemu bambo ake, chimene angatulutse chingakhale china. Wapeza woti amusemere. Funso limeneli ndi limene ndimafunsa kwaya iliyonse imene yandiitana: nyimbo iyi mukuyimbira ndani? Ambiri amayankha kuti Mulungu, ndipo n'zoona. Koma ndikafunsa kuti m'mabenchimu ndani amene akufunika kuimva lero, amakhala chete.

Komabe ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, kuti mungawalakwire ana anuwo. Musayeze Lamulungu wamba ndi muyeso wa usiku wa maliro. Pa siwa chisoni chinalipo kale, nyimbo inangochitsegulira khomo. Inuyo munali mwana wamasiye watsopano, mutatopa, usiku utapita, pakati pa abale. Kwaya iliyonse pa dziko lapansi singabweretse zimenezo sabata ndi sabata, ndipo siyiyenera kutero. Misozi si muyeso wokhawo. Nyimbo imene yachititsa munthu kumwetulira, kapena imene akuying'ung'udza Lachitatu akuchapa, yagwira ntchito. Dziwaninso kuti anthu amasiyana. Munthu amagwidwa kwambiri ndi nyimbo zimene anazimva ali wachinyamata, n'chifukwa chake madoda amadzuka ndi nyimbo zimene ana awo amaziona zachikale. Alipo ngakhale anthu owerengeka, athanzi bwinobwino, amene nyimbo siziwapatsa chisangalalo chilichonse, ndipo ofufuza a ku Barcelona analemba za iwo mu 2014. Nkhope youma pa benchi si chigamulo pa kwaya yanu.

Nanga muchite chiyani? Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kuzimitsa kiyibodi pa mapulakatisi kwa mwezi wathunthu. Poyamba adzadandaula, ndipo mudzamva zophonya zimene chida chimabisa. Zisiyeni zimveke, azikonze ndi makutu awo. Musanaphunzitse nyimbo, aliyense ayankhule mawu ake ngati akuuza mnzake, ndipo pamene mayimbidwe akulimbana ndi kayankhulidwe, sinthani mayimbidwewo. Kiyibodi ikabwerera, woyimbayo achotse biti yodziyimba yokha pa nyimbo zodekha, azisindikiza ndi zala zake akuyang'ana pakamwa pa wotsogolera. Pa nyimbo zovina, ng'oma ndi chisekese za m'manja mwa munthu zimapuma limodzi ndi oyimba kuposa makina. Pa nyimbo zitatu zilizonse, imodzi ikhale yoti mpingo uli ndi povomera. Ndipo phunzitsani anawo kuyimba motsitsa. Makwaya athu ambiri amadziwa kukuwa kokha, pamene tsemwe nthawi zambiri limabwera mawu akachoka pansi n'kukwera, kapena phokoso likaduka mwadzidzidzi n'kutsala liwu limodzi.

Koma chachikulu kuposa zonsezi: atengeni achinyamatawo mupite nawo kumene nyimbo ikufunika. Pakagwa maliro a mumpingo, asamangobwera masana kudzayimba nyimbo ziwiri atavala yunifolomu n'kubwerera. Achezere, akhale pansi pambali pa amayi aja, avomere nyimbo zawo. Apite kukayimbira wodwala amene wagona m'nyumba miyezi, anthu asanu okha, opanda sipika. Mnyamata amene wayimbirapo gogo wodwala ali pafupi moti akumva kupuma kwake, akabwerera kutsogolo kwa tchalitchi amayimba mosiyana. Pemphaninso mayi mmodzi kapena awiri a Mvano abwere ku pulakatisi adzayambitse nyimbo. Adzakana kaye ponena kuti iwo sadziwa manotsi. Aumirizeni mwaulemu.

Pali ngozi ziwiri zimene ndiyenera kutchula. Yoyamba ndi ya mumtima. Mukadziwa njira zimene nyimbo imagwirira anthu, chiyeso chimabwera chofuna kufinya misozi: kubwereza kolasi kosalekeza, kukweza kiyi kawirikawiri, wotsogolera kudziliritsa pa maikolofoni. Zimagwira kwa kanthawi, koma anthu amazindikira, ndipo akazindikira amatseka mtima ngakhale pa tsiku limene mukunena zoona. Kusewera ndi chisoni cha anthu ine ndimakutenga ngati kuwabera. Yachiwiri ndi ya makutu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likakwera nthawi yotetezekayo imatsika msanga kwambiri. Masipika a m'matchalitchi ndi m'maukwati athu kawirikawiri amapitirira pamenepo. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu akumveni, phokoso lachuluka. Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikawonongeka sitimeranso. Wa m'kwaya amene makutu ake amalira pulakatisi ikatha, kapena wayamba kufunsa kawirikawiri kuti "mwati chiyani?", apite ku chipatala akapimidwe, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loona za makutu. Chimodzimodzi amene mawu ake asasa kopitirira masabata atatu popanda chimfine, asamangomwa madzi a mandimu, akaonetse kukhosiko.

Ndibwerere kwa inu, achemwali. Nyimbo ija yamangirirana ndi mayi anu, ndipo mfundo imeneyo siyidzamasuka. Chimene chimasintha ndi kulemera kwake. Musayithawe, komanso musadzikakamize kuyitsogolera pagulu panopa. Uzani wachiwiri wanu kuti nyimbo imeneyo ikafika azitenga ndi iye, inu mukhale pansi, ndipo misozi ikabwera ilekeni. Palibe chochititsa manyazi kuti ana a m'kwaya aone mtsogoleri wawo akulira mayi ake. Kunyumba, pa nthawi imene mwasankha nokha, yiyimbeni motsitsa, kaya ndi mchemwali wanu kaya ndi ana, mufike pamene mungathe n'kulekera pomwepo. Anthu ambiri amene ndawaona amapeza kuti pakapita miyezi amatha vesi yoyamba, kenako yachiwiri.

Chimene chingandidetse nkhawa si kulira. Ndingade nkhawa mutandiuza kuti nyimbo zonse zazizira, kuti palibe chimene chikukusangalatsani, ngakhale ana kapena chakudya, ndipo zakhala choncho tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Ndingadenso nkhawa ngati tulo tasowa, thupi likutha, ntchito yayima, mwayamba kudzipatula kapena kudziimba mlandu pa imfa ya mayi, kapenanso ngati chaka chitatha chisoni chikadali chobaya ngati cha tsiku loyika maliro. Zimenezo zikhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko ku Matawale kapena ku Zomba Central, muwafotokozere monga mwandifotokozera ine. Akakutumizani ku Zomba Mental Hospital musachite mantha ndi dzinalo kapena ndi zonena za anthu, kumeneko kuli anamwino ndi madotolo amene anaphunzira za chisoni chotere, ndipo ena amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Abusa ndi amayi a mumpingo akhale nanu limodzi pa ulendowo, pemphero ndi chipatala sizilimbana. Koma ngati maganizo ofuna kudzipha kapena kutsatira mayi atakufikirani ngakhale kamodzi, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira nthawi yomweyo, ndipo akuperekezeni ku chipatala tsiku lomwelo.